Cenjerani ndi Zingwe za pa Majekete a Ana

Mwezi wa Meyi ukamatha ndipo mphepo ya Juni ikayamba kulowa m'nyumba, makolo ambiri m'makomboni amathamangira ku salaula kukafunira ana ao zovala zofunda. Ku msika wa Kapata ku Chipata, ku Soweto ku Lusaka ndi m'misika ina yonse, jekete ya cisote ndiyo imayamba kutha pa mulu, cifukwa imafunditsa thupi, khosi ndi makutu nthawi imodzi. Mai akaitola amayesa zipi, amayang'ana m'khwapa ngati simunang'ambike, kenaka ayamba kunenerera mtengo. Cimene ambiri sayang'ana ndi kacingwe kamene kamazungulira m'mphepete mwa cisote ndi kulendewera pa cifuwa, kapena kamene kamakoka jekete m'ciuno. Ena amakondwa kumene akakapeza kali bwino, ati jekete ikali yatsopano.

Kacingwe kameneka kanaphapo ana, ndipo maiko amene zovala izi zimacokera anakaletsa kale. Lero tifuna kufotokoza cifukwa cake, ndi zimene inu makolo mungacite pa nyumba popanda kutaya ngwee.

Kodi ngozi imabwera bwanji?

Cingwe ca pa cisote cimazungulira khosi la mwana pafupifupi lonse. Kunsonga kwake kumakhala mfundo, kapena kapulasitiki kooneka ngati mkanda waukulu, kapena kampira ka ulusi. Mwana akamasewera, nsonga imeneyi imauluka uku ndi uku. Ikalowa m'kampata kakang'ono, monga pakati pa zitsulo ziwiri, cingwe cimapita bwino koma mfundo imakana kutuluka. Mwana sadziwa kuti wakoledwa. Iye apitiriza kutsetsereka, kulumpha kapena kutsika, ndipo thupi lake lonse limakoka cingwe cija. Cisote cimafupika ngati kukamwa kwa thumba, nicifinya khosi.

Anthu ambiri amaganiza kuti kupotola khosi kumafuna mphamvu zambiri. Si conco ai. M'mbali mwa khosi mumapita mitsempha yotenga magazi kupita ku bongo ndi ina yobweza magaziwo ku mtima. Mabuku a madokotala amene amapima mitembo amati mitsempha yobweza magazi imatsekeka ndi kulemera kwa makilogalamu 2 cabe, ndipo yopita ku bongo imatsekeka ndi makilogalamu ngati 5. Makilogalamu 2 ndi paketi imodzi ya shuga. Mwana wa zaka ziwiri amalemera makilogalamu ngati 12. Conco sikofunika kuti mwana alendewere m'mwamba ngati munthu wodzimangirira. Angafe atagwada, kapena mapazi ake ali pansi, malinga ngati thupi latsamira pa cingwe.

Magazi akaleka kufika ku bongo, munthu amakomoka m'masekondi 10 kapena 15. Bongo ukakhala mphindi 4 kapena kuposerapo wopanda mpweya umayamba kuonongeka, ndipo kuonongeka kwa bongo sikubwerera. Mwana angapulumuke koma n'kukhala wosalankhula, wosayenda kapena wa khunyu moyo wake wonse.

Coopsa kopambana n'cakuti ngozi iyi ilibe phokoso. Mwana akapsa ndi mbaula amakuwa mpaka aneba onse atuluke. Mwana wofinyidwa pa khosi sangalire. Mai angakhale akucapa pa mpopi, mapazi khumi kucoka pamene pali mwana, osamva kanthu. Anzake osewera nao, pokhala ana, amayesa kuti akucita masewera.

Zimene zinacitika ku maiko ena

Dziko la Britain ndilo linafulumira. Mu 1976 linakhazikitsa lamulo loletsa zingwe zokoka pa zisote za majekete a ana aang'ono, atamwalira ana angapo.

Ku America nkhaniyi inatenga nthawi. Kumeneko kuli bungwe la boma lochedwa Consumer Product Safety Commission, limene nchito yake ndi kuyang'anira katundu woopsa pa msika. Mu 1994 mkulu wa bungweli, mai Ann Brown, anagwirizana ndi makampani ambiri osoka zovala kuti aleke kuika zingwe pa khosi la zovala za ana. Mu Febuluwale 1996 bungweli linatulutsa malangizo olembedwa, ndipo mu 1997 makampani anawalandira monga muyezo wao. Koma popeza sunali lamulo lokakamiza, ena anapitiriza kugulitsa, ndipo caka ndi caka majekete anali kuitanidwa kuti abwezedwe ku masitolo. Mu 2011 mpamene boma linalengeza kuti jekete ya mwana yokhala ndi zingwe zotere ndi katundu woopsa mwalamulo.

Pofika caka cimeneco bungweli linali litalandira malipoti a ana 26 amene anafa kuyambira mu 1985. Mwa iwo, 18 anafa ndi cingwe ca pa khosi kapena pa cisote, ndipo 8 anafa ndi cingwe ca m'ciuno. Ambiri mwa a pa khosi anakoledwa pa silaidi, cija citsulo cimene ana amakwera ndi kutsetserekapo. Pamwamba pa silaidi, pamene citsulo cogwirira cikumana ndi potsetserekera, pamakhala kampata. Mfundo imakola pamenepo mwana atayamba kale kutsika. Bungwelo linanenanso kuti kuyambira pamene makampani anayamba kutsata muyezo wa 1997, imfa za cingwe ca pa khosi zinatsika ndi 75 peresenti.

Malamulo a ku America amati zovala zakunja monga majekete ndi masweta, kuyambira saizi 2T kufika 12, zisakhale ndi cingwe ciliconse pa khosi kapena pa cisote. Maiko a ku Ulaya nao ali ndi muyezo wao wochedwa EN 14682, umene unayamba mu 2004. Uwo umaletsa zingwe za pa khosi kwa ana osafika zaka 7, kapena osapitirira masentimita 134 kutalika.

Wina angafunse kuti, ana 26 pa zaka 26 m'dziko lalikulu ngati America, kodi n'ciwerengero cocititsa mantha? Zoona, malungo, cibayo ndi kutsegula m'mimba zimapha ana ambiri koposa, ndipo sitifuna kuti kholo liiwale neti ya udzudzu cifukwa ca kacingwe. Koma malungo amafuna mankhwala, neti ndi ulendo wa ku kiliniki. Ngozi ya cingwe imatha ndi lezala imodzi, m'mphindi imodzi, ndipo jekete imafunda monga kale.

Nanga zifika bwanji kuno?

Salaula yambiri imene timagula imacokera ku America, Canada, Britain ndi maiko ena a ku Ulaya. Anthu a kumeneko amapereka zovala zakale ku masitolo a zacifundo. Zimene zatsala osagulidwa zimagulitsidwa kwa amalonda, amene amazisankha, kuzipanikiza m'mabelo a makilogalamu ngati 45 ndi kuzitumiza pa sitima za pa nyanja. Lamulo limaletsa kusoka jekete yatsopano ya cingwe, koma jekete yakale imene inali m'kabati ya munthu siidziwa lamulo. Mu 1999 bungwe lija la ku America linayendera masitolo 301 ogulitsa katundu wakale m'dzikomo, ndipo linapeza kuti masitolo 51 pa 100 alionse anali ndi majekete kapena masweta a ana okhala ndi zingwe. Zotsala za masitolo otere ndizo zimadzaza mabelo.

Wogulitsa pa msika alibe mlandu. Iye amagula belo lomanga, ndipo amadziwa za m'kati mwake pa tsiku lotsegula, monga inu. Ndiponso musaganize kuti covala catsopano ca m'sitolo ndiye cilibe vuto. Mathirakisuti ndi majekete ochipa a ana ambiri amabwera ndi zingwe zazitali, zina za mitundu yowala zoikira kukongola cabe. Telala wa pa msika nayenso, posoka yunifomu ya mphepo kapena kajekete ka citenje, angaike cingwe poona kuti ndiyo fasho. Munthu womaliza kugwira covala mwana asanavale ndinu.

Ena adzati kuno kulibe masilaidi ambiri. Alipo, m'masukulu a nasale amene acuruka m'makomboni, ndipo ambiri ndi oocherera kwa amisiri a pa msewu, okhala ndi mipata ndi nsonga za zitsulo. Koma ngakhale kopanda silaidi, yang'anani pa yadi panu ndi maso a mwana wa zaka zinai. Pali mpanda wa waya kapena wa malata umene amalowera pansi pofupikitsa njira. Pali geti ya zitsulo imene amakwera. Pali zitsulo za pa mawindo, msomali wopacikira beseni, cogwirira ca citseko, bedi yosanjikiza imene amalumphapo. Pali mtengo wa mango kapena wa gwafa. Mwana wotsika mu mtengo sayang'ana m'mwamba, ndipo mphanda ya nthambi imagwira mfundo bwino lomwe.

Cingwe ca m'ciuno ndi galimoto

Cingwe ca kumunsi kwa jekete cili ndi ngozi yace yosiyana, ndipo cimagwira ana okulirapo, a ku pulaimale. Ku America ana anafa potsika basi ya sukulu. Kapulasitiki ka kunsonga kanakola pa citsulo cogwirira ca pa masitepe kapena pa citseko, mwana n'kutsika, citseko n'kutsekeka, basi n'kunyamuka. Mwana anakokedwa pa msewu, ndipo ena anagwera pansi pa matayala a kumbuyo. Woyendetsa sanaone kanthu. Nkhaniyi inakula kotero kuti m'zaka za m'ma 1990 mabasi ambiri a sukulu anabwezedwa kukakonza zogwirira, ndipo oyendera mabasi anayamba kuyesa ndi kacingwe komangirira nati kunsonga: akakakoka pa cogwirira n'kukola, basiyo yalephera.

Tsopano ganizani za minibasi yathu. Kondakitala amatseka citseko basi itayamba kale kuyenda, maso ake ali kwa wokwera wina. Mwana wa sukulu amatsika cothamanga, cikwama ku msana, jekete yosamanga zipi ikuuluka. Ganizaninso za njinga, zimene kuno kum'mawa zimanyamula ana ambiri kupita ku sukulu, ndi njinga zamoto zimene zawanda masiku ano. Mwana wokhala kumbuyo, cingwe cikulendewera pafupi ndi masipoko kapena cheni, angakokedwe n'kugwa cagada. Ndiye kuli cigayo. Mwana amene mwamutuma kukagayitsa asapite ndi covala ca zingwe, cifukwa lamba wa cigayo akagwira kanthu sasiya.

Pa cingwe ca m'ciuno malamulo a ku America sanena kuti cicoke conse. Amati, kwa saizi 2T kufika 16, cingwe cisatuluke kupitirira mainchesi 3, ndiwo masentimita 7 ndi theka, covala citatambasulidwa conse. Kutalika kumeneku ndi ngati cala ca munthu wamkulu. Kunsonga kusakhale mfundo kapena kapulasitiki, ndipo cingweco cisokeredwe pakati, kumbuyo, kuti cisakokeke n'kutalika mbali imodzi.

Makanda

Apa tiyenera kulankhula mosamala, cifukwa zambiri zimene makanda amavala ndi mphatso za agogo ndi alamu, zolukidwa ndi cikondi. Kasweta koluka ka mwana wakhanda kawirikawiri kamamangidwa pa khosi ndi ulusi wopota kapena riboni wokhala ndi timipira kunsonga. Kacisote nako kamamangidwa pansi pa cibwano. Khanda silithamanga, koma limatembenuka, limakoka ndi manja, ndipo lilibe mphamvu yodzimasula. Pogoneka mwana, usiku kapena masana, vulani ciliconse comanga pa khosi: kacisote, kansalu kochinga dovu, mkanda. Mwana ali ku msana, onetsetsani kuti zingwe za kacisote sizinapanikizike m'citenje pamene mutu wake ukugwera kumbuyo ali mtulo.

Mcitidwe womangira dami pa cingwe ndi kumuveka mwana m'khosi kuti isagwe pansi ndi woipa kwambiri. Dami yagwa, itsukeni. Cimodzimodzinso zithumwa ndi timikanda timene akuluakulu ena amaveka makanda. Tsamba lino silifuna kuweruza miyambo ya anthu, koma cingwe ndi cingwe, kaya cacokera ku sitolo kaya kwa agogo, ndipo m'khosi mwa khanda si malo ace. Kambiranani ndi apongozi mwaulemu, muwauze kuti ngakhale anamwino a ku sikelo amaletsa.

Yang'ananinso m'kati mwa timasokosi ndi tonyamula manja toluka. Kaulusi kamodzi kosomoka, kapena tsitsi la mai, kangazungulire kacala ka khanda n'kutseka magazi. Mwana akalira kosaleka popanda cifukwa cooneka, muvuleni masokosi muone zala. Ndipo timapulasitiki ta kunsonga kwa zingwe tikathothoka, mwana wa zaka zosafika zitatu amatiponya m'kamwa ndipo tingamutsamwe.

Zocita ndi jekete imene muli nayo

Musataye covala, ndipo musaleke kugula ku salaula. Ngati cingwe cili pa cisote kapena pa khosi, dulani mfundo ya mbali imodzi ndi kusolola cingwe conse. Kudula nsonga zokha n'kusiya cina m'kati sikukwanira, cifukwa mwana adzacikoka ndi zala n'kucitulutsanso. Kumanga nsonga ziwiri pamodzi kapena kuzilowetsa m'kati mwa jekete ndiye kuipiratu: mwapanga khwekhwe lenileni, ndipo mwana akathamanga pang'ono zimatuluka. Ngati cingwe cinasokeredwa pakati pa cisote, tumbulani ulusi pamenepo, kapena dulani mbali zonse ziwiri mutakokera kunja kwambiri kuti cotsala cibwerere m'kati ndithu.

Mai wina adzati, nanga cisote cikamagwa, mwana sazizidwa m'makutu? Telala aliyense angalowetse kalastiki kofewa m'njira imene munali cingwe ndi kukasokera mbali zonse, kapena kuika batani limodzi pansi pa cibwano, kapena zomata zija zimene zimamasuka zokha zikakokedwa. Kapena mugulireni mwana cisote coluka capadera copanda zingwe. Sikafu yaitali yozungulira khosi si yankho kwa mwana wamng'ono, cifukwa imakola cimodzimodzi.

Pa cingwe ca m'ciuno, tambasulani covala conse, dulani cotsala kuti cisapitirire cala canu, cotsani mfundo ndi timapulasitiki, ndipo sokerani pakati kumbuyo ndi singano. Nsonga ya nailoni mungaiwaule pang'ono ndi macesi kuti isasomoke. Mabuluku a thirakisuti amene ali kale ndi lastiki safuna cingwe konse. Zingwe za lastiki zokhala ndi kapulasitiki nazo cotsani, cifukwa mwana akazikoka n'kuzisiya zimamenya m'diso.

Citani izi pa tsiku logula, musanacape, mwana asanaione n'kuyamba kukonda zingwezo. Zovala zolandira kwa acibale ndi zosiyirana pakati pa mkulu ndi mng'ono ziyang'anidwenso. Aphunzitsi a nasale angathandize kwambiri poyang'ana majekete m'mawa ana akamafika, ndi kuuza makolo. Makiyi a nyumba, amene ana ambiri a m'komboni amavala m'khosi pa nthambo makolo ali ku nchito, ndi bwino akhale m'thumba kapena omangirira m'kati mwa cikwama.

Mukapeza mwana atakoledwa

Coyamba munyamuleni m'mwamba kuti cingwe cikhwefuke, ndipo fuulani kuitana anthu. Osayamba kuthamanga kukafuna mpeni mwana ali lende. Wina adule kapena amasule cingwe pamene inu mwamugwira. Mugonekeni pansi cagada pa malo olimba, mutacirikiza mutu ndi khosi kuti zisapindike, makamaka ngati wagwa kucoka pamwamba kapena wakokedwa ndi galimoto.

Yang'anani cifuwa ngati cikukwera ndi kutsika, ndipo ikani tsaya lanu pafupi ndi kamwa pake, osapitirira masekondi 10. Ngati sakupuma, kapena akungobanika mwa apo ndi apo, kwezani cibwano pang'ono, tsinani mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, pang'onopang'ono, mukuona cifuwa cikukwera. Kwa khanda losafika caka, kamwa lanu liphimbe mphuno ndi kamwa pamodzi, ndipo uzirani pang'ono cabe. Kenaka kankhani pakati pa cifuwa ka 30, mofulumira ngati kawiri pa sekondi imodzi, cifuwa cizilowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwake. Kwa mwana gwiritsirani nchito cikhatho ca dzanja limodzi, kwa khanda zala zazikulu ziwiri, manja atazungulira cifuwa. Mukatha 30 uzirani kawiri, mubwerezenso. Musaleke kufikira atayamba kupuma kapena mutafika kwa anamwino. Pamene inu mukucita izi, wina akhale atapita kale kukafuna galimoto kwa aneba kapena takisi, ndipo m'galimotomo pitirizani.

Kumuthira madzi ozizira, kumugwedeza, kumuzondotsa kapena kumufukiza utsi sikuthandiza, kumangodya nthawi. Musamumwetse kanthu mwana wokomoka. Ngati akupuma koma sanatsitsimuke, mugonekeni cammbali, mutu uli molunjika ndi thupi, kuti akasanza asatsamwe.

Mwana aliyense amene anafinyidwa pa khosi apite ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale atadzuka n'kuyamba kusewera. M'kati mwa khosi mungatupe patapita maola angapo n'kutseka njira ya mpweya usiku, onse ali mtulo. Mau osasa, kupuma kolira ngati mluzu, kulephera kumeza malovu, timadontho tofiira m'maso kapena kumaso, kusanza, tulo tosadzuka nato ndi kukomoka ndi zizindikiro zofuna kuthamanga, osati kuyembekezera kuce. Ku cipatala auzeni anamwino zoona zake popanda kuopa kudzudzulidwa: cimene cinamukola, nthawi imene munamupeza, ngati anakomoka ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Nyamulani ndi covala comweco kuti aone kukula kwa cingwe.